Chikepe chokwera kumlengalenga: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka. Tsiku lina mnyamata wa giredi 11 anabwera ndi kavidiyo pafoni, koonetsa chikepe chikukwera chingwe mpaka kubowola mitambo, n'kundifunsa kuti, "Ba Ticha, izi n'zoona kapena ndi zamafilimu?" Kuyambira pamenepo mafunso sanathe: ana asukulu, makolo awo, anzanga a mu staff room, ngakhale alamu anga amene anagwirapo ntchito mumigodi ku Copperbelt. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene amabwerabwera.

Kodi chikepe cha kumlengalenga n'chiyani?

Ndi chingwe chachitali zedi, nsonga ina yomangirira padziko, ina ili kutali mumlengalenga, ndipo pachingwepo pamakwera ndi kutsika ngolo yonyamula katundu kapena anthu. Palibe amene anachimangapo. Chili pamapepala ndi m'makompyuta basi.

Dzinali limasocheretsa pang'ono. Lifti ya mu Findeco House imakokedwa ndi chingwe chimene chimayenda. Apa chingwe sichiyenda ayi. Ngoloyo ili ndi mawilo opana chingwe uku ndi uku, ndipo imadzikweza yokha, ngati mmene munthu amakwerera mtengo wopanda nthambi.

Nanga chingwecho chimakoleka pa chiyani, poti kumwambako kulibe denga?

Tulukani panja muyang'ane dishi ya TV padenga la nyumba iliyonse mu Chawama kapena mu Kabulonga. Amene anaiika anaimanga ndi mabawuti, inaloza malo amodzi, ndipo zaka zimadutsa osaisuntha. Komatu setilaiti imene ikuyang'anayo ikuthamanga makilomita oposa 11,000 pa ola. Imaoneka ngati yaima chifukwa ili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, pomwe chinthu chimazungulira dziko kamodzi m'nthawi yofanana ndi imene dziko lenilenilo limatenga kuti litembenuke kamodzi, maola 23 ndi mphindi 56. Ziwirizi zimayendera limodzi ngati njinga ziwiri zoyenda phewa ndi phewa.

Tsopano tsitsani chingwe kuchokera pa setilaiti yotereyi mpaka chikhudze pansi. Kulemera kwa chingwecho kukokera setilaitiyo pansi, choncho muyenera kutambasula chingwe china kulowera kunja, kutali ndi dziko. Chigawo chakunjacho chimazunguliridwa mothamanga kuposa mmene mtunda wakewo umafunira, ndiye chimafuna kuthawa. Chapansi chimafuna kugwa. Kulimbirana kumeneku n'kumene kumakunga chingwe. Mukamangirira mwala pachingwe n'kumauzunguza pamwamba pamutu, chingwe chimaongoka popanda mzati uliwonse. Pano dzanja lozunguza ndi dziko lapansi.

N'chifukwa chake chingwe chonse chimapitirira patali makilomita 35,786 aja. Mapulani ambiri amati chifike pafupifupi makilomita 100,000, ndi chinthu cholemera kunsonga. Popanda cholemeracho chiyenera kufika makilomita 144,000.

Bwanji osangochimangirira pa International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga momwe mumakhala akatswiri, imene ili pafupi?

Ili pafupidi. Makilomita 400 okha, kufupi kuposa ulendo wa ku Livingstone. Ndipo malire amene ambiri amati mlengalenga wayambira pamenepo, makilomita 100, ndi afupi kuposa Kabwe. Anthu amadabwa ndikawauza zimenezi.

Vuto ndi liwiro. Pamtunda wa makilomita 400 dziko likukokabe mwamphamvu, pafupifupi magawo 90 pa 100 a mmene limakokera pansi pano. Kuti siteshoniyo isagwe, iyenera kuthamangira cham'mbali makilomita 27,600 pa ola, kuzungulira dziko pafupifupi ka 16 patsiku. Chingwe cholendewera pamenepo chingakwekwerezeke kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Simungachimangirire pamtengo. Malo okhawo amene chinthu chimaima pamwamba pa dera limodzi ndi aja ndafotokoza m'funso lapitali.

Maroketi alipo kale. Chikepe n'chachiyani?

Roketi imanyamula mafuta oti anyamule mafuta ena. Ikamanyamuka, pafupifupi magawo 90 pa 100 a kulemera kwake ndi mafuta ndi okosijeni wowotchera mafutawo. Falcon 9 ya SpaceX imalemera matani pafupifupi 550 ponyamuka, koma katundu amene ingakafikitse kufupi ndi dziko sapitirira matani 23, ndipo wopita kumtunda kwa masetilaiti a TV amachepa kwambiri kuposa apo. Zili ngati minibasi imene mipando yonse yakhala zigubu za petulo, pasinjala mmodzi yekha atapanikizika pakhomo.

Chikepe sichinyamula mafuta. Mukawerengera mphamvu yeniyeni yofunika kukweza kilogalamu imodzi pachingwe mpaka makilomita 35,786, imakwana mayuniti a magetsi pafupifupi 13 ndi theka, mayuniti omwewa timagula pafoni. Thumba la unga la makilogalamu 25 lingafune mayuniti ngati 340. Kunena zoona mamota ndi zina zimataya mphamvu yambiri panjira, ndiye nambala yeniyeni ingakwere kangapo, komabe siingayandikire mtengo wa roketi. Liwiro lam'mbali lija, limene roketi imavutikira kwambiri, apa limachokera ku kuzungulira kwa dziko, ulere.

Anayambitsa ganizoli ndani?

Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi wa ku Russia, mu 1895. Iye ankaganiza za nsanja yomangidwa kuchokera pansi, atachita chidwi ndi Eiffel Tower ya ku Paris. Agogo ena kutchalitchi atamva nkhaniyi anangoti, "Babele wina ameneyo," ndipo pa nsanjayo sanalakwe kwenikweni: palibe mwala kapena chitsulo chimene chingasenze nsanja yotero osaphwanyika kunsi.

Amene anatembenuza ganizoli ndi injiniya Yuri Artsutanov wa ku Leningrad mu 1960. Iye anati musamange chokwera, tsitsani chingwe kuchokera kumwamba. Jerome Pearson wa ku America anafika pa ganizo lomweli payekha n'kulemba masamu ake mwatsatanetsatane mu 1975. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Bradley Edwards, ndi ndalama za nthambi ina ya NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, analemba pulani yonse, ndipo zambiri zimene anthu amakamba lero zimachokera mmenemo.

Ngati masamu akulola, chikulepheretsa n'chiyani?

Chingwe. Mavuto ena onse ndi akulu, koma ili ndilo tate wawo.

Amene anandithandiza kulifotokoza bwino ndi alamu anga aja. Tinali pakhonde, ine ndikujambulajambula papepala, iwo n'kundidula mawu: "Alamu, zimenezo ife tinkazidziwa kumgodi. Shafti ikatalika, chingwe chimatopa ndi kudzinyamula chokha, cheji isanakwere n'komwe munthu." Ndi momwemodi. N'chifukwa chake m'migodi yakuya kwambiri ngati Mponeng ku South Africa, pafupifupi makilomita 4 pansi, anthu satsika ndi chikepe chimodzi, amasintha panjira. Ngakhale m'nyumba zosanja, zingwe zachitsulo za lifti zimalekezera pa mamita pafupifupi 500.

Chingwe chilichonse chili ndi utali umene chimaduka ndi kulemera kwake komwe, chikalendewera popanda katundu. Kuchinenepetsa sikuthandiza, chifukwa mphamvu ikawirikiza, kulemera nakonso kwawirikiza. Chofunika ndi kulimba poyerekeza ndi kulemera. Waya wachitsulo wabwino kwambiri amaduka pa makilomita 30 kapena 40, osafika ngakhale ku Kafue. Kevlar, ulusi wa zovala zoteteza ku zipolopolo, amafika pafupifupi makilomita 250.

Chikepe chimafuna zingati? Si makilomita 35,786 onse, poti mukamakwera dziko limakoka mocheperachepera, ndipo kuzungulira kuja kumathandiza kunyamula. Mukaphatikiza zonse, zimafanana ndi chingwe cha makilomita pafupifupi 4,960 cholendewera m'mphamvu yokoka ya pansi pano. Umenewo ndi pafupifupi mtunda wochoka ku Lusaka kukafika ku Cairo, osati Cairo Road yathuyi, Cairo weniweni wa ku Egypt. Ikani 250 pambali pa 4,960 muone kusiyana kwake.

Sangachipange chonenepa kumwamba, chowonda pansi?

Angathe, ndipo mapulani onse amatero. Pansi chingwe chimangonyamula ngolo, koma pa makilomita 35,786 chimanyamula zonse zimene zili m'munsi mwake, ndiye pamenepo ndi pomwe chiyenera kunenepa kwambiri. Tsoka lake, kunenepako sikukwera pang'onopang'ono. Kumakwera ngati ngongole ya kaloba, chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja: mita iliyonse yowonjezera iyenera kunyamulanso kunenepa kwa mamita onse apansi pake.

Mukagwiritsa ntchito chitsulo, pakatipo payenera kukula kuposa pansi ndi nambala ya maziro oposa 30. Chitsulo chotero kulibe, ngakhale mutasungunula dziko lonse. Ndi Kevlar nambalayo imatsika kufika pa mamiliyoni mazana angapo, zomwe n'zosathekabe. Koma mukapeza ulusi wolimba mokwanira, pakati pangangofunika kukula kawiri kapena katatu basi. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndinamva za carbon nanotube. Si yankho limenelo?

Ndi chiyembekezo, koma yankho silinafike. Carbon nanotube ndi kachubu ka maatomu a kaboni, kaboni yemweyu wa m'makala ndi m'pensulo, koma olukana mwadongosolo ngati waya wa khola la nkhuku wokulungidwa. Sumio Iijima wa ku Japan ndiye anatchukitsa timachubuti mu 1991. N'tating'ono moti tsitsi limodzi ndi lonenepa kuposa kamodzi ka ito maulendo masauzande ambirimbiri. Kachubu kamodzi kangwiro n'kolimba kuposa chitsulo kambirimbiri, kopepuka kwambiri, ndipo pamapepala kamakwanira pa chikepe. Graphene, amene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupatula ku Manchester mu 2004, ndi m'bale wake, woyalidwa ngati mphasa m'malo mokulungidwa.

Pali zopinga ziwiri. Choyamba ndi utali. Mu 2013 akatswiri a ku Tsinghua University ku Beijing anakulitsa timachubu totalika masentimita 55, ndipo dziko la sayansi linaombera m'manja. Theka la mita, pomwe pakufunika makilomita 100,000. Mukati mupote timachubu tatifupi kukhala ulusi, monga timapotera khonje, timatererana tokhatokha, ndipo ulusiwo umatsala kutali kwambiri ndi mphamvu ya kachubu kamodzi.

Chachiwiri ndi zilema. Atomu imodzi ikasowa pamalo pake, pamenepo pafooka, ndipo chingwe sichifunsa kuti kwina konse kuli bwino, chimadukira pofookapo. Nicola Pugno wa ku Italy analemba mu 2006 kuti pachingwe chachitali chonchi zilema sizingapeweke, ndipo zingadye gawo lalikulu la mphamvu imene anthu amawerengera. Onjezerani apo kuti injiniya aliyense wanzeru salola chingwe kugwira ntchito pafupi ndi podukira pake. Ine ndimaona kuti amene amati tatsala pang'ono amathamangira nkhaniyi.

Angachimange bwanji, kuyambira pati?

Kuyambira kumwamba. Roketi imakweza mpukutu wa kachingwe kowonda mpaka pa makilomita 35,786, kenako mpukutuwo umamasulidwa, nsonga ina ikutsika, chombo chonyamula mpukutuwo chikukwera kuti zilingane. Nsonga ikafika pansi n'kugwidwa, tingolo tating'ono timakwera tikumata ulusi wina pamwamba pa woyambawo, mazana a maulendo, mpaka chingwe chitakhwima.

Kumasula chingwe mumlengalenga kwayesedwapo, ndipo sikophweka. Mu 1996 chombo cha Columbia chinamasula setilaiti ya ku Italy pachingwe, ndipo chitafika makilomita 19.7 magetsi anathetheka pachingwepo, chinapsa n'kuduka, setilaiti n'kupita. Mu 2007 ntchito ya ophunzira a ku Ulaya yotchedwa YES2 inamasula makilomita oposa 30.

Ulendo wake ungatenge nthawi yaitali bwanji, ndipo magetsi achokera kuti?

Kampani ya Obayashi ya ku Japan inawerengera liwiro la makilomita 200 pa ola. Pa liwiro limenelo ndi masiku 7 ndi theka. Malifti othamanga kwambiri a m'nyumba zosanja ku China amafika makilomita 75 pa ola, ndipo pa liwiro lawolo mungakhale m'njira masiku 20. Amene anakwerapo TAZARA mpaka ku Dar es Salaam, makilomita 1,860, aganize ulendo umenewo ka 19 motsatizana, wopanda siteshoni yogulira nthochi.

Magetsi ndi mutu wina. Waya wamkuwa ndi wolemera, chingwe sichingaunyamule, ngakhale ife a dziko la mkuwa tikanakonda. Mabatire nawonso ndi olemera. Maganizo amene alipo ndi awiri: masola pangolopo ikatuluka mumpweya, kapena kuiwalitsira kuwala kwamphamvu kwa laser kuchokera pansi, iyo n'kumasandutsa kuwalako magetsi. Mu 2009, pampikisano wa NASA ku California, kampani ya LaserMotive inapata madola 900,000 pokweza kangolo koyendera laser pachingwe cha pafupifupi kilomita imodzi cholendewera ku helikopita. Liwiro lake linali ngati la munthu wothamanga pang'onopang'ono.

Munthu angamve bwanji m'thupi pokwera?

Angamapepuke tsiku ndi tsiku. Pa makilomita pafupifupi 2,600 sikelo ingaonetse theka la kulemera kwake. Pa makilomita 35,786 angayandame. Akapitirira, denga limasanduka pansi.

Choopsa ndi malamba a Van Allen, zigawo za tizinthu tamphamvu toononga maselo a m'thupi, timene maginito a dziko anatikola. Anatulukiridwa mu 1958 ndipo amayambira pa makilomita pafupifupi 1,000. Anthu a m'zombo za Apollo popita kumwezi anawadutsa m'maola ochepa. Wa pachikepe angakhalemo masiku, ndipo zotchingira zake n'zolemera. N'chifukwa chake ambiri amati chikepe choyamba chidzakhala cha katundu.

Nditatsegula chitseko pa makilomita 400 n'kudumpha, ndingayandame ngati a mu siteshoni ija?

Ayi, mungagwe ngati mwala. Muli pamtunda wawo koma mulibe liwiro lawo, monga ndanenera pa funso la International Space Station. Kuti chinthu chotayidwa pachingwe chizungulire dziko osagwera mumpweya, chiyenera kutayidwa pamwamba pa makilomita pafupifupi 23,400. Kunsonga kwenikweni zinthu zimatembenuka: chimene mwachisiya kumeneko chimaponyedwa ngati mwala wa pa gulaye, ndi liwiro lokwanira kupita ku Mars popanda kuyatsa injini.

Mphepo, mphezi ndi masetilaiti ena sizingachidule?

Zonsezi ndi adani. Edwards anasankha kuti chingwe chikhale ngati lamba, pafupifupi mita imodzi m'lifupi koma chopyapyala kuposa pepala, kuti kamwala kakang'ono kangobowola osadula chonse. Koma walira mvula walira matope: lamba wotambalala amagwira mphepo. Kaboni amadutsa magetsi, ndiye mphezi ingachikonde. Pamtunda wa makilomita mazana angapo pali okosijeni wolusa amene amadya kaboni pang'onopang'ono, motero pamenepo pafunika kukutira. Ngolo nayo ikamakwera imakankhira chingwe chakumadzulo, chifukwa chingwecho n'chimene chikuipatsa liwiro lolowera kum'mawa. Mwezi ndi dzuwa zimachikoka, n'kumachinjenjemeretsa ngati nsambo ya gitala.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi zinyalala. Pali zidutswa zoposa 30,000 zazikulu kuposa masentimita 10 zimene zikuzungulira dziko, zina zochokera pa kugundana kwa masetilaiti a Iridium 33 ndi Kosmos 2251 mu 2009. Onjezerani masetilaiti masauzande a Starlink, omwe intaneti yake inafika muno mu Zambia mu 2023. Chilichonse cha izi chimadutsa pamwamba pa ikweta kawiri paulendo uliwonse, zambiri mwa izo pa makilomita 7 kapena 8 pa sekondi, pomwe chingwe changoima. Zili ngati kumanga chingwe choyanikira zovala chopingasa Great East Road. Pulani yake ndi yakuti nsonga yapansi imangiriridwe pa chombo cha panyanja, kuti azichisuntha n'kumazemba zimene zikubwera. Zazikulu angazembe poti amaziona. Zing'onozing'ono saziona.

Chingamangidwe muno mu Lusaka?

Ayi. Chiyenera kukhala pa ikweta kapena pafupi nayo, ndipo ife tili madigiri 15 kum'mwera, makilomita pafupifupi 1,700 kuchokera pamenepo. Tilibenso nyanja yoyendetsapo chombo chija, ndipo mphezi za mu Disembala mukuzidziwa. Edwards anasankha nyanja ya Pacific kumadzulo kwa Ecuador, komwe mphezi ndi namondwe n'zosowa.

Africa ili nayo ikweta yambiri: Gabon, Congo, DRC, Uganda, Kenya, Somalia. Italy inkaulutsira maroketi pagombe la Malindi ku Kenya, ndipo setilaiti ya Uhuru inanyamukira kumeneko pa 12 Disembala 1970. Mu 1976 mayiko 8 a pa ikweta, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Congo ndi Zaire (DRC ya lero), anasainirana ku Bogotá kuti mlengalenga wa pa makilomita 35,786 pamwamba pawo ndi chuma chawo. Mayiko ena sanavomere, potengera pangano la 1967 loti mlengalenga ulibe mwini. Chingwe chikadzapezeka, mlandu umenewo udzadzukanso.

Chitaduka chingatigwere?

Zimadalira podukira. Chigawo cha pamwamba pa podukapo chimakwera n'kutalikira. Chapansi chimagwa cholowera kum'mawa, chikuyala motsatira ikweta. Mafilimu amakonda kuonetsa chikukwapula mizinda, koma lamba wopyapyala ngati uja wa Edwards mbali yake yaikulu ingapse polowa mumpweya, ndipo yapansi ingagwe mopepuka ngati pepala. Ovutika kwenikweni ndi amene ali m'ngolo panthawiyo, ndi masetilaiti amene angakumane ndi zidutswazo.

Akuti kumwezi n'kosavuta. N'zoona?

N'zoona, ndipo n'zodabwitsa. Mwezi umakoka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko, ulibe mphepo, mphezi kapena zinyalala zambiri. Chingwe chake chingadutse pamalo ena pakati pa mwezi ndi dziko pomwe kukoka kwa ziwirizi kumalingana ndi kuzungulira kwake, makilomita oposa 50,000 kuchokera kumwezi. N'chachitali, koma ulusi umene ulipo kale m'mafakitale, wa mtundu wa Kevlar ndi Zylon, ungakwanitse. Chosowa ndi chifukwa chochimangira, poti kulibe katundu wotsika kapena kukwera kumeneko. Ku Mars nakonso n'kopepukirapo, pa makilomita pafupifupi 17,000, kungoti kamwezi kake ka Phobos kamadutsa m'njira momwemo.

Ndinamva kuti chikepe chidzakhala chitamangidwa pofika 2050. Zimenezi n'zotani?

Chaka chimenecho chinachokera kwa Obayashi, kampani imene inamanga Tokyo Skytree ya mamita 634. Mu 2012 analengeza pulani ya chingwe cha makilomita 96,000 choti chidzathe mu 2050, ntchito itayamba mu 2025. Kumanga sikunayambe, ndipo chifukwa chake chili pa funso la carbon nanotube. Ku Japan komweko, Shizuoka University inatumiza mu 2018 timasetilaiti tiwiri tolumikizidwa ndi chingwe cha mamita 10 kuti ayese kangolo pakati pake. Pamene pafika ntchito yamanja ndi pamenepo.

Kodi zikugwirizana ndi zija za a Nkoloso?

Funsoli silisowa, makamaka kwa akuluakulu. A Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi ndiponso womenyera ufulu, anatchuka mu 1964 ndi gulu lawo la achinyamata amene ankawakonzekeretsa ulendo wa kumwezi ndi ku Mars, kufupi ndi Lusaka. Za chikepe sanakambepo. Iwo ankanena za roketi ndi choponyera chonga legeni.

Chingwe chinalipo m'maphunziro awo, koma pa ntchito ina. Kuwonjezera pa kugubuduza ophunzira mu dramu pachitunda, ankawakweza pa katungwe, ndipo malinga ndi zimene iwo eni ankafotokoza, katungweyo akafika pamwamba ankadula chingwe kuti wokwerayo alawe kupanda kulemera. Atolankhani akunja anaseka. Koma ndikamaphunzitsa mutu umenewu ndimawauza ana kuti pa kamphindi kameneko, chingwe chitaduka munthu asanafike pansi, thupi lake limamva chimodzimodzi ndi la amene ali mu International Space Station, chifukwa onse awiri akugwa. Wa mu siteshoni amangothamangira cham'mbali mokwanira moti pansi pamamuthawa.